Mutu ukakula sulewa nkhonya

Makolo athu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ankanena za munthu amene wapatsidwa udindo, kuti madandaulo ndi zidzudzulo zonse zimafikira iye ndipo alibe kozembera. Masiku ano nzeru imeneyi ikusowa malo, chifukwa mtsogoleri akangokhala pampando pamabwera anthu omuuza kuti iye ndi wodzozedwa wa Mulungu, wosayenera kulozedwa chala. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri onena zimenezi amanenera paguwa, Baibulo lili m'manja. Komatu Chikhristu chikamveka bwino chimagwirizana ndi mwambiwu, ndipo amene anafotokoza zimenezi mozama ndi Kwame Bediako, m'busa wa mpingo wa Presbyterian ku Ghana.

Bediako anabadwa mu 1945, anaphunzira ku Bordeaux ndi ku Aberdeen, ndipo anatsogolera sukulu ya kafukufuku ya Akrofi-Christaller ku Akropong mpaka pamene anamwalira mu 2008. M'buku lake la mu 1995, Christianity in Africa, anafotokoza za ufumu wa anthu a mtundu wa Akan. Kumeneko mfumu imakhala pampando wa makolo ndipo imaimira anthu pamaso pa mizimu, motero kutsutsa mfumu kumaoneka ngati kutsutsa makolo enieniwo. Bediako anaona kuti maiko a mu Africa atalandira ufulu, atsogoleri atsopano anadzitengera ulemu wopatulika umenewu n'kuugwiritsa ntchito potseka anthu pakamwa. Sanafunike kuyang'ana kutali. Ghana inalandira ufulu mu 1957, chaka chotsatira boma la Kwame Nkrumah linakhazikitsa lamulo lotsekera anthu m'ndende popanda kuwazenga mlandu, ndipo mu 1964 dzikolo linakhala la chipani chimodzi. Achinyamata a Young Pioneers ankaphunzitsidwa kutamanda Nkrumah ngati munthu wosafa, ndipo bishopu wa Anglican ku Accra, Richard Roseveare, atadzudzula zimenezi mu 1962 anathamangitsidwa m'dzikomo. Yankho la Bediako linali lakuti mphamvu zonse mwini wake ndi Mulungu, wolamulira amangobwerekedwa, ndipo Yesu anaonetsa kuti ulamuliro ndi utumiki. Mpando ukachotsedwa kupatulika, wokhalapo amakhala munthu mnzathu amene tingathe kumufunsa, kumudzudzula ndi kumuchotsa.

Kwa ife Amalawi nkhaniyi si yachilendo. Kamuzu Banda anakhala pulezidenti wamuyaya mu 1971, ndipo kufunsa funso kunali kupalamula. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata imene inawerengedwa m'matchalitchi awo m'dziko lonse. Kalatayo inanena poyera kuti anthu akutsekeredwa popanda mlandu, malipiro ndi ochepa, ndipo anthu akukhala mwamantha. Boma linaiona ngati youkira, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa, komabe anthu anali atamva ndi makutu awo kuti boma lingathe kuuzidwa kuti lalakwa. Pa 14 Juni 1993 anavotera zipani zambiri, ndipo mu Meyi 1994 anasankha mtsogoleri wina.

Ena amayankha kuti Paulo, pa Aroma 13, analamula kuti tizimvera olamulira chifukwa ulamuliro umachokera kwa Mulungu. N'zoona, koma mutu womwewo umatchula wolamulira kuti ndi mtumiki, ndipo mtumiki amayankha kwa amene anamutuma. Ndiponso kudzozedwa sikunatetezepo mfumu ku chidzudzulo. Davide anadzozedwa ndi Samueli, koma ataphetsa Uriya, mneneri Natani anamuuza kulakwa kwake pamaso. Ahabu atalanda munda wa Naboti, Eliya anamutsatira m'mundamo. M'busa amene amachenjeza anthu kuti asakhudze wodzozedwa, koma iye osatsegula pakamwa pamene mankhwala akubedwa m'zipatala, wasiya ntchito ya Natani.

Chitsutso cholemera kwambiri n'chakuti mbiri ya mpingo siigwirizana ndi zimene Bediako ananena. Kuyambira nthawi ya mfumu Constantine mpingo wakhala ukudalitsa mafumu, mpingo wa Dutch Reformed ku South Africa unateteza tsankho ndi Baibulo, ndipo kuno kwathu mipingo inakhala chete zaka zambiri 1992 isanafike. Izi n'zosakanika, ndipo Mkhristu aliyense ayenera kumva nazo ululu. Komabe amene anadzudzula mpingo pa zolakwa zimenezi, monga Beyers Naudé amene anali m'busa wa Dutch Reformed yomweyo, anatenga mfundo zawo m'chikhulupiriro chomwecho. Chimene Bediako anapereka ndi muyeso woyezera mpingo ndi boma pamodzi. Ngati pali pamene ndingamuonjezere, n'pakuti miyambo ya makolo nayo inali ndi njira zake zoletsera mfumu. Anthu a Akan ankatha kuchotsa mfumu pampando ikalakwa, ndipo pakati pa Achewa amayi akuluakulu a mbumba amakhala ndi mawu posankha mfumu, imene polongedwa imalangizidwa mosabisa mawu. Choncho kufunsa mtsogoleri si mwano wochokera kunja.

Kupatulika kumene tinachotsa pa chipani chimodzi kwasamukira m'matchalitchi ena, kumene munthu wa Mulungu safunsidwa za ndalama za chakhumi, ndipo nthawi ya kampeni amaitanira wandale kuguwa n'kulosera kuti Mulungu wasankha kale. Anthu ambiri amaphunzira kuyankhula pagulu m'mphakati, m'bwalo la akulu a mpingo ndi m'zigwirizano za amayi. Ngati kumeneko aphunzitsidwa kuti kufunsa ndi tchimo, sadzaimirira pamsonkhano wa chitukuko kufunsa phungu kapena khansala kumene ndalama za mlatho zapita. N'chifukwa chake mpingo umene ukufuna kudzudzula boma uyenera kuyamba wawerenga lipoti la ndalama zake pamaso pa akhristu onse, ndi kulola kuti aliyense afunse mafunso.