Chenjezo: Musakoke ngolo imene vaneti yanu singathe kuimitsa

Anzanga a ku Chilenje, imvani izi ulendo wakumudzi usanafike. Ngolo zokoka ndi galimoto zachuluka pakati pathu. Zina ndi makalavani akale ochokera ku South Africa, okhala ndi bedi ndi kakhitchini mkati. Zina ndi matelela owotcherera konkuno ku Lusaka. Zikutsatsidwa pa Facebook tsiku ndi tsiku, ndipo mawu a ogulitsa ndi amodzimodzi: "Bwana, vaneti yanuyi ikoka popanda vuto."

Musamvere zimenezo. Mwina akukunamizani, mwinanso iwo eni sadziwa.

Kukoka si nkhani ayi. Injini ya dizilo ikhoza kudzutsa ngolo yolemera kwambiri n'kuyenda nayo bwinobwino mu Chilimbulu Road kapena Burma Road. Kumeneko n'kosalala, ndipo mukuyenda pang'onopang'ono. Nkhani ili pa kuima. Mukadzafika pa mitsetse ya Manenekela, kupitirira Rufunsa mukulowera ku mlatho wa Luangwa, ana ali m'galimoto, lole ili kutsogolo, basi ikukufinyani kumbuyo, kodi mabuleki anu adzagwira galimoto ndi ngolo yomwe?

Sungani nambala iyi pamtima: makilogalamu 750. Ngolo yopanda mabuleki akeake isapitirire pamenepo, ngoloyo ndi katundu wake pamodzi. Ngakhale Toyota Hilux, Ford Ranger kapena Isuzu D-Max yatsopano, malire ake pa ngolo yopanda mabuleki ndi omwewo. Makilogalamu 3,500 amene ogulitsa amakonda kutchula ndi a mitundu ina yokha ya magalimoto amenewa, ya injini zazikulu, ndiponso pokhapokha ngoloyo ili ndi mabuleki ogwira ntchito. Vaneti yakale kapena yaing'ono siyandikira n'komwe pamenepo.

Ndiye gwadani, suzumirani pansi pa ngolo musanatulutse ndalama. Kodi kuseri kwa mawilo kuli mabuleki? Kodi pali nthambo kapena ndodo yachitsulo yochokera kutsogolo kupita kumawilo? Ngati mukuona chitsulo chopingasa ndi masipuling'i basi, ngoloyo ilibe mabuleki. Musalole munthu kukuuzani zina.

Makilogalamu 750 amatha msanga kuposa mmene mukuganizira. Tiyerekeze telela yolemera 300 ili yopanda kanthu. Mwaikamo matumba anayi a simenti yokamangira manda a agogo, amenewo ndi 200. Matumba anayi a ufa a 25, ndi 100 ina. Zigubu zisanu za madzi za malita 20, ndi 100 inanso, chifukwa lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Mwafika kale pa 700, koma simunaikemo matilesi, mbaula, makala, masutikesi ndi njinga ya amalume. Pobwerera ndiye zimanyanya, chifukwa kumudzi sakubwezani chimanjamanja. Matumba a chimanga ndi mtedza amakwera, ndipo palibe amene amawerenga.

Tsegulani buku la galimoto yanu. Ngati linatayika, onani kachitsulo kapena kapepala kokhomedwa pa mphuthu ya chitseko kapena m'boneti. Pali nambala ya GVM, kulemera konse kumene galimotoyo imaloledwa kufika itanyamula anthu, mafuta ndi katundu. Ngolo yopangidwa bwino nayonso imakhala ndi kachitsulo kake kosonyeza kulemera kwake ili yopanda kanthu ndi malire ake ikadzaza. Ngolo yopanda kachitsulo kameneka, isiyeni. Safunsa anadya phula.

Palinso msampha wina umene anthu ambiri sauona. Ngolo simangokokedwa, imatsamiranso galimoto. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake limakhala pa kampira kachitsulo ka towbar. Kalavani ya makilogalamu 2,000 ikupanikiza kumbuyo kwa vaneti yanu ndi makilogalamu pafupifupi 200. Mavaneti ambiri a zitseko zinayi amanyamula tani imodzi kapena kucheperapo. Chotsanipo 200 ameneyo, chotsanipo akuluakulu asanu, muone chotsala. Mukadzazanso kumbuyo kwa vanetiyo mpaka pamwamba, matako a galimoto amakhala pansi, mphuno imadzuka, mawilo akutsogolo amapepuka. Mawilo amenewo ndiwo amakhota, ndiwonso amagwira mabuleki kwambiri.

Muime patali muyang'ane galimoto ndi ngolo zitalumikizidwa. Zikhale zowongoka. Ngati pakati pawo pagwa, tsitsani katundu.

Mvetserani za towbar. Amisiri athu owotcherera ndi aluso, mageti ndi mafelemu awo timawanyadira. Koma towbar si geti. Iyenera kumangidwa ndi mabawuti pa chasisi, pamalo amene opanga galimoto anakonza, ndipo iyenera kukhala ndi nambala yosonyeza mphamvu yake. Chitsulo chowotcherera pa bampala chidzathyoka tsiku limene mudzagunde dzenje muli pa liwiro. Ngolo ikaduka siima. Imapita yokha kwa amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, kwa ana a sukulu, kapena kwa minibasi yobwera kutsogolo. Mangani tcheni chachitetezo nthawi zonse. Chingwe cha nayiloni kapena waya si tcheni.

Pakirani katundu mwanzeru. Zolemera zikhale pansi, pafupi ndi mawilo a ngolo, zochulukirapo pang'ono kutsogolo kwake. Mukaunjika zolemera kumbuyo, ngolo imayamba kugwedeza mchira liwiro likakwera, makamaka lole yaikulu ikakudutsani ndi mphepo yake. Zikatero musaponde mabuleki mwamphamvu, ndipo musalimbane ndi chiwongolero uku ndi uku. Chotsani phazi pa mafuta, gwirani chiwongolero mowongoka, liwiro litsike lokha. Kenako imani, mukonze katunduyo.

Tsopano ili ndilo ndikukudandaulirani kwambiri. Musakweze munthu m'ngolo ikamayenda. Ngakhale mwana atalira kuti akufuna kugona pabedi la m'kalavani, ngakhale pamaliro galimoto zitachepa ndipo achibale akukuyang'anani ndi diso loipa, kanani. M'kalavani mulibe malamba. Makoma ake ndi opyapyala, matabwa ndi malata opepuka. Ikagubuduka imaphwasuka, ndipo amene ali mkati alibe chomuteteza. Kuli bwino azakhali akwiye, muwalipirire basi ku Intercity.

Matayala nawonso amanama. Kalavani imatha zaka itaima pabwalo, dzuwa likuwotcha. Tayala limaoneka ngati latsopano chifukwa silinayende, pamene mphira wauma kale. Yang'anani manambala anayi omaliza pambali pa tayala, pafupi ndi zilembo za DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2316, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2016. Limenelo si loyenda nalo kupita ku Chipata, ulendo wa makilomita oposa 550, m'kutentha kwa chigwa cha Luangwa. Mabering'i a mawilo apakidwe girizi watsopano. Mukaima pa Chongwe kapena pa Nyimba, yandikizani dzanja pakati pa wilo. Pakatentha moti simungagwire, musapitirire.

Pa mtsetse, tsikani ndi giya yaing'ono, injini ikuthandizeni kugwira. Mukamangoponda mabuleki kuyambira pamwamba, amatentha, amanunkha, kenako phazi limangolowa pansi galimoto osaima. Izi muzikumbukire pa Manenekela, pa mapiri a Munali popita ku Mazabuka, ndi pa Kapiri Ngozi potsikira ku Chirundu, njira imene ambiri timadzera popita ndi ana ku Siavonga. Lusaka ili pamwamba, kumeneko mukutsikira kuchigwa.

Za mapepala musazengereze. Ngolo iyenera kulembetsedwa ku bungwe loona za pamsewu la RTSA, ikhale ndi nambala yakeyake, magetsi akumbuyo ndi ma indiketa oyaka. Onaninso laisensi yanu. Laisensi ya B ndi ya galimoto yaing'ono yokoka ngolo yosapitirira makilogalamu 750, ndipo ngolo yolemera kuposa apo imafuna kalasi ina. Pitani mukafunse ku RTSA musanagule, ndipo a inshuwalansi anu muwauze kuti mudzakhala mukukoka.

Mwambo wa Kulamba ku Mkaika ndi kumapeto kwa Ogasiti, wa Nc'wala ku Mtenguleni ndi kumapeto kwa Febuluwale, ndipo Disembala aliyense Great East Road imadzaza. Nthawi zimenezi ndi pamene ngolo zimabwerekedwa mothamanga, usiku, popanda woyang'ana pansi pake. Mukaona mnansi wanu akumanga ngolo yodzaza kumbuyo kwa vaneti yogwa matako, musangomutsanzika. Mufunseni za mabuleki, za tcheni, ndi za amene akwere kumbuyo. Ngati sakuyankha bwino, muthandizeni kutsitsa matumba ena, adzapite pa ulendo wina.