Mbiri ya Kainjini Kakang'ono pa Msewu wa ku Kachulu

Pa doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, pali nkhani imene siikalamba pakati pa madalaivala, ogula nsomba ndi anyamata otsiriza sukulu amene amadikira ganyu yokweza katundu. Nkhaniyo ndi ya Datsun, kagalimoto kaja kopanda denga kumbuyo kamene kankasenza madengu a matemba, makumba ndi milamba kunka nazo ku msika wa Zomba. Ati kankasiya malole akuluakulu m'fumbi. Ati matope a m'dzinja sikankawadziwa. Ati injini yake siifa. Mbiri imeneyi ili ndi choona chake, koma ambiri amaitama injiniyo pa chifukwa cholakwika, ndipo kulakwa kotere kumadya ndalama za anthu osauka, nthawi zina ndi miyoyo yomwe.

Kagalimotoka kanayamba kupangidwa m'chaka cha 1971, m'zaka zomwe nsomba zinali kubwereranso m'Chilwa nyanjayo itaphwa mu 1968. Injini yake, yotchedwa A12, inali ya masilinda anayi ndipo kukula kwake kunali 1171 cc basi. Pambuyo pake fakitale ya ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, inaikamo ina yokulirapo pang'ono, ya 1397 cc, nipitiriza kupanga galimotoyo m'dzina la Nissan 1400 kufikira chaka cha 2008. Anthu a ku South Africa anaipatsa dzina m'chinenero cha Afrikaans lotanthauza chinthu chosafa. Komabe mphamvu zake zinali mahosipawa ongopitirira 60, ndipo katundu amene opanga anailoleza anali pafupifupi theka la tani. Munthu woyang'ana manambala okhawa sangaone pamene mbiri yonse ija inachokera.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, nkofunika kuyang'ana ku America, kumene injini ina yaing'ono inatchuka mofananamo. Mu 1968 kampani ya Chrysler inatulutsa injini ya masilinda asanu ndi atatu yotchedwa 340, ya malita 5.6. Kwa munthu wa ku Zomba imeneyo ndi chinjini, pakuti iposa ya Datsun pafupifupi kasanu. Koma kwawoko inkawerengedwa yaing'ono, chifukwa inali ndi akulu ake a malita 7 ndi kupitirira, monga 426 Hemi ndi 440. Eni ake analemba kuti inali ndi mahosipawa 275, ndipo odziwa za injini akhala akunena kuti nambala imeneyi inachepetsedwa. Itaikidwa m'galimoto zopepuka monga Dodge Dart, Plymouth Barracuda, ndi Plymouth Duster ya mu 1970, inkachititsa manyazi galimoto za injini zikuluzikulu m'misewu ya m'mizinda. Chinsinsi chake sichinali chamatsenga. Injini yaikulu imalemetsa galimoto kutsogolo, ndipo poyamba liwiro matayala akumbuyo amangozungulira pamodzimodzi, utsi tolotolo, pamene yopepuka ija yagwira kale msewu. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo m'mipikisano yaifupi yotere wotsalira poyamba sapezanso mpata.

Apa ndiye pali phunziro limene mphunzitsi aliyense wa sayansi angalembe pa bolodi: chimene chimathamangitsa galimoto si mphamvu ya injini payokha ayi, koma mphamvuyo poiyerekeza ndi kulemera kumene ikukoka. Datsun yopanda katundu siinkafika ndi tani imodzi yomwe. N'chifukwa chake inkaoneka yaliwiro pamene ikupita ku nyanja m'mamawa ilibe kanthu, ndipo lole yolemera ikamachita kufwenthera pa mabampu, iyo inkangodutsa. Amene anaiona ikudutsa chotero ndiwo anafalitsa mbiri. Za ulendo wobwerera, pamene inkakwawa ndi giya yachiwiri, madengu atasanjikizana ndi anthu atakhala pamwamba pake, sizikambidwa kawirikawiri. Mbiri imasankha zokumbukira.

Ulemu weniweni wa kainjini kameneka uli pena. Msewu wa makilomita pafupifupi 30 wochokera ku Zomba kufika ku Kachulu sunafunepo liwiro. Umafuna galimoto imene ikafa panjira ingathe kudzutsidwa nsomba zisanaole. Injini ya A12 inali yosavuta: kabureta imodzi, mapulagi anayi, tcheni m'malo mwa lamba woyendetsa mavavu, ndipo zonse zili poyera pofikika ndi dzanja. Makaniko wa pansi pa mtengo, wokhala ndi masipanala ochepa ndi khutu lomva bwino, ankatha kuzindikira nthenda ndi kuichiza pomwepo. Batire likafooka, anyamata anayi ankangokankha. Petulo inkamwa pang'ono, chinthu chimene chinakhala chachikulu kuyambira mu 1973 pamene mtengo wa mafuta unakwera pa dziko lonse. Ikatitimira m'makande a m'dambo, okwera ankatsika n'kuinyamula kumbuyo. Wogulitsa nsomba sawerenga mphindi zimene wapulumutsa panjira, amawerenga masiku amene galimoto yagona pa garaja. Pa muyeso umenewu Datsun inapambanadi, ndipo palibe chifukwa choichotsera ulemuwo.

Choipa n'chakuti mawu aja oti injini siifa anasanduka chilolezo. Popeza injini inkapirira, eni galimoto anayamba kuganiza kuti galimoto yonse ipirira. Anawonjezera masipuling'i kumbuyo kuti isagwade, namanga zitsulo m'mbali kuti katundu akwere m'mwamba. Komatu masipuling'i sawonjezera mabuleki. Galimoto yolemera kawiri imafuna mabuleki ake agwire ntchito yowirikiza kawiri kuti iime, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umatalika kanayi. Katundu akachuluka kumbuyo, matayala akutsogolo amapepuka, chiwongolero n'kusiya kumvera. Akakwera m'mwamba, galimoto imafulumira kugubuduka pokhota. Injini ingathe kukoka zonsezi mosadandaula, ndipo apa ndi pamene pagona msampha, pakuti dalaivala amamva injini ikulira bwino n'kuyesa kuti zonse zili bwino. Zimenezi zili m'maphunziro a sayansi a ku sekondale, koma n'zachisoni kuti ana ambiri amaziloweza pofuna mayeso a MSCE okha, osazizindikira madzulo omwewo akamakwera matola.

Pali msampha wachiwiri, umene umagwira makamaka wachinyamata amene wasunga tindalama ta mpunga wa ku Likangala kapena Domasi, kapena amene watumiziridwa ndi mbale wake wa ku Johannesburg. Iye amagula mbiri m'malo mogula galimoto. Nkhani ya 340 ija ikuchenjeza bwino pamenepa. Mu 1972, chifukwa cha malamulo ochepetsa utsi, opanga anatsitsa mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya, kuchoka pa 10.5 kufika pa 8.5, ndipo chitatha chaka cha 1973 analeka kuipanga. Dzina linali lomwelo, koma injini ya 1972 siinali yofanana ndi ya 1968. Ngati zinatero ndi injini yatsopano yotuluka m'fakitale, nanga kuli bwanji Nissan 1400 imene ngakhale yaing'ono pa zonse inapangidwa mu 2008, imene yadutsa m'manja mwa anthu asanu, yamwa fumbi popanda sefa ndi kuthiridwa oyilo wogula m'mabotolo a m'mbali mwa msewu? Tsabola wakale sawawa. Ndiponso malonda amene galimotoyo idalira ndi osakhazikika: Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulutsa madzi, ndipo inaphwanso mu 1995 ndi mu 2018. Nyanja ikaphwa, ngongole ya galimoto siiphwa nayo.

Masiku ano mbiri ija yasamukira ku njinga zamoto za kabaza, zimene tiinjini take n'tating'ono koposa, ndipo mawu ake ndi omwe aja: yakuti ndi yaliwiro, yakuti siitopa, yakuti imanyamula anthu atatu ndi thumba la mpunga. Wotsiriza sukulu amene afuna kudya za injini ayenera kuphunzira kuyeza m'malo momvera zokamba za pa siteji, kaya pa sukulu ya ntchito zamanja monga ya Nasawa, kaya pansi pa makaniko wodziwa ntchito. Asanapereke ndalama, aidzutse injiniyo m'mawa ili yozizira, osati mwini wake ataitenthetsa kale. Ayang'ane utsi: wobiriwira ngati mtambo usonyeza kuti ikuwotcha oyilo, wakuda usonyeza kuti ikumwa petulo wopitirira muyeso. Atsegule chotsekera oyilo aone ngati mulibe thovu loyera la madzi. Ayeze mphamvu ya silinda iliyonse ndi geji, ndipo ngati imodzi yatsalira kwambiri pa zinzake, abweze ndalama m'thumba. Atatha zonsezi agwade pansi, ayang'ane mabuleki ndi matayala.