Manda a ku Lizulu mulibe m'chiwerengero cha boma

Achinyamata anzathu,

Boma limati Covid-19 inapha anthu osakwana 2,700 m'Malawi muno. Ife nambala imeneyi tikuikana.

Amene munatsikapo basi pamsika wa Lizulu mukudziwa: msewu wa M1 ndiwo malire, mbali iyi Ntcheu, kungowoloka tala muli ku Mozambique. Anthu amagulitsa kachewere limodzi, amakwatirana, amadwazikana. Ndiye tiuzeni, agogo amene anatsokomola masiku anayi m'nyumba, kubanika, n'kutsirizika usiku osafika kuchipatala, anawawerenga ndani? Palibe anawayeza. Abale anati chibayo, ena BP, ena anangoti ukalamba basi. Ena ankabisa dala, kuopa kuti azaumoyo abwera ndi zovala zawo zija n'kuika maliro mothamanga, opanda mwambo. Amene anakamwalirira kwa apongozi kutsidya, Lilongwe sinawalembe, Maputo sinawalembenso.

Pa 12 January 2021 nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, dziko lonse linamva pawailesi. Mizimu yawo iuse mumtendere. Koma mabwana amayezedwa, mayi wogulitsa anyezi amangoikidwa.

Bungwe la WHO linapeza kuti mu 2020 ndi 2021 mliriwu unatenga anthu pafupifupi 14.9 miliyoni padziko lonse, pomwe maboma analengeza 5.4 miliyoni okha. Anadziwa poyerekeza imfa za zaka ziwirizo ndi za zaka zam'mbuyo. Nanga ife tiyerekeza ndi chani, poti maliro ambiri akumudzi safika n'komwe m'kaundula wa NRB?

Asatinamize kuti ndalama panalibe. K6.2 biliyoni ya Covid ija munaimva, kafukufuku anaonetsa kuti ina inathera m'ma alawansi, mpaka a Chakwera anachotsa nduna a Ken Kandodo mu April 2021. Alawansi ankawerenga mpaka tambala eti, koma anthu akufa ayi.

Tikufuna imfa iliyonse izilembedwa kumudzi komweko, kudzera kwa amfumu ndi alangizi azaumoyo, n'kufika ku NRB pasanathe mwezi. Kolera ya 2022 inatipeza tisanakonze zimenezi.

Poyembekezera iwowo, tiyambe tokha. Imbirani kumudzi sabata ino, mufunse amfumu kapena adzukulu okumba manda kuti January ndi February wa 2021 anakumba manda angati. Mutitumizire mudzi ndi nambala yokha, maina a omwalira ayi.

Tumizani uthengawu ku magulu anu onse.