Woyimba akayamikira nyimbo ya mnzake, amapindula ndani?

Mawailesi amakonda kufunsa oyimba za nyimbo ndi zimbale zomwe akuzikonda. Ena amangoti ndi macheza, koma mawu a woyimba wotchuka amagwedeza msika.

Umboni ulipo. Patience Namadingo atajambula mu 2020 limodzi ndi a Giddes Chalamanda, omwe anabadwa mu 1930, nyimbo ya Linny Hoo inafalikira pa TikTok mpaka kunja kwa dziko lino. Achinyamata omwe sankawadziwa n'komwe agogowa anayamba kuivina.

Chodandaulitsa n'chakuti kutchuka koteroko sikusanduka ndalama msanga. Bungwe la COSOMA limatolera ndalama kumawailesi ndi malo achisangalalo, koma nyimbo ikamangotumizidwa pa WhatsApp, mwiniwake salandira ngakhale tambala.