ZA NCHITO ZA MANJA: Kukhazika Makina Osemera Zitsulo

Inu amene mwagula makina osemera zitsulo, aja ochedwa lathe, kuti muzikonza zitsulo za zigayo ndi za ngolo, tamverani. Musafulumire kuyamba nchito.

Coyamba, akhazikeni pa simenti youma ndi yolimba, osati pa dothi ai. Yesani ndi levulo m'litali ndi m'lifupi, mbali zonse ziwiri. Mwendo umodzi ukatsika, makina amapotoka ngakhale maso saona, ndipo citsulo cimene musema cidzatuluka conenepa mbali imodzi. Mwini cigayo adzacibweza, ndipo inu mwataya ndalama. Cifukwa cace ikani tizitsulo topyapyala pansi pa mwendo wotsikawo, mangani mabauti, muyesenso.

Caciwiri, nsonga ya mpeni ilingane ndi pakati peni-peni pa citsulo. Semani ndodo ya citsulo, muyese kunenepa kwace uku ndi uku. Kukafanana, makina akhala bwino.

Cacitatu, musasiye kiyi pa cogwirira citsulo, pakuti makina akayamba kuzungulira adzaulukira kumaso kwanu. Pindaninso manja a malaya. Makina akaonongeka mugula ena, koma dzanja silimeranso.

Sabata yamawa tidzakamba za kunola mipeni.