Ndalama za pa intaneti: Chuma kapena juga?

Mayi wogulitsa tomato pamsika wa Lunzu akalandira K5,000 sayang'ana kukongola kwa pepalalo. Amalilandira podziwa kuti mawa wachigayo ndi kondakitala wa minibasi nawonso salikana. Mphamvu ya ndalama yagona pa chikhulupiriro chimenechi.

Koma masiku ano kwabwera ndalama zina zosagwirika zotchedwa cryptocurrency, zomwe anthu amagulitsana pa intaneti. Izi n'zosiyana ndi Airtel Money kapena Mpamba, pakuti za m'foni mwanuzo ndi makwacha omwewa.

Yotchuka kwambiri ndi Bitcoin, yomwe idayamba mu 2009. Palibe boma kapena banki yomwe imaisindikiza, ndipo adaikonza moti chiwerengero chake sichidzapitirira 21 miliyoni. Oikonda amati kusowa kwakeko ndiko kumaipatsa mtengo, ngati golide.

Vuto n'lakuti mtengowo sukhazikika. Mu November 2021 Bitcoin imodzi idafika pafupifupi madola 69,000 a ku America, patatha chaka idagwa kufika pa madola 16,000, koma mu December 2024 idadutsa madola 100,000. Amene adagula itakwera n'kugulitsa itagwa, pofuna kulipira fizi ya mwana, adalirira kuutsi.

Zina mwa ndalamazi zidatheratu. Eni ake a TerraUSD adalonjeza kuti imodzi izifanana ndi dola imodzi nthawi zonse, chonsecho chomwe chinkaichirikiza kwenikweni chidali ndalama inzake ya pa intaneti yotchedwa Luna. Mu May 2022 anthu atayamba kukayika n'kuthamangira kugulitsa, zonse ziwiri zidagwa m'masiku ochepa, ndipo chuma cha pafupifupi madola 40 biliyoni chidasungunuka. Paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sikuti ndalama ya boma siidwala. Ku Zimbabwe boma litasindikiza ndalama zambiri pamene katundu adali wochepa, mu 2009 kudatuluka pepala limodzi la madola 100 thililiyoni, ndipo anthu adathawira ku dola ya ku America. Kuno kwathu kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. N'chifukwa chake ena akufunafuna kwina kosungira thukuta lawo.

Komabe kwacha ili ndi poyedzamira: lamulo limati ilandiridwe, msonkho timakhoma ndi iyo, ndipo fodya, tiyi ndi shuga zimabweretsa ndalama zakunja zoichirikiza. Pamene ndalama zambiri za pa intaneti zimangodalira kuti mawa kubwere wina wogula modula kuposa inu. Mu 2019 banki yaikulu ya Reserve idachenjeza kuti ndalamazi si zovomerezeka ndi lamulo polipirira zinthu m'dziko muno.

Choncho musanagulitse mbuzi kapena matumba a chimanga chifukwa cha lonjezo la phindu la msanga, dzifunseni: wogula wina akapanda kubwera, ine nditsala ndi chiyani m'manja?