Mapu a ndege za pa kompyuta: tisafulumire kulipira

Makolo anzathu, ena mwa ana athu kuno ku Peckham amachezera kuulutsa ndege pa kompyuta, n'kumakatera nazo ku Chileka, kwawo kumene sanapondeko. Tsono ayamba kutipempha ndalama za mapu a Navigraph, olipira mwezi ndi mwezi, ati chifukwa njira za mumlengalenga zimakonzedwanso masiku 28 alionse. Pamenepo sakunama.

Ife tikuti musawakalipire, koma musafulumirenso kupisa m'thumba. Lendi ya mu London tonse tikuidziwa. Bungwe la NATS limaika mapu a mabwalo a ndege a ku Britain pa intaneti kwaulere, ndipo la FAA ku America limateronso. Mwana ayambe waphunzira kuwerenga mapu aulere a Gatwick, amene si ophweka ayi. Akapirira nawo miyezi itatu osagwa ulesi, apo tingakambe zomulipirira Navigraph.